Katoni ya a Kapitawo

MUTU 6

1. Mzere wosatha

Pofika masana a Lachisanu, miyendo ya Nedson Moffat inali itauma gwa.

Nedson anali mnyamata wophunzira unamwino, chaka chachiwiri. Sukulu yake inamutumiza kukazolowera ntchito pa kachipatala kena m'mapiri a Dowa, cha ku Chisepo. Namwino pamenepo anali mmodzi yekha, Mayi Esinati Mndolo, amene imvi zinawamerera pa ntchito yomweyo. Anthu ankangowatchula a Sisitala.

Tsikulo mzere unayamba mame asanakamuke, ndipo dzuwa linafika paliwombo anthu akadali mbwee pakhonde. Nedson anali atakweza ana pa sikelo, kutsuka mabala, kukolopa masanzi a mwana wina, osalawa kanthu chidzukire.

M'chipinda chobayira jakisoni munalowa bambo wina wovala nsapato za matayala. A dokotala anali atamulembera jakisoni m'kabuku kake ka kuchipatala. A Sisitala anapereka kabukuko kwa Nedson n'kuima pambali, poti wophunzira sabaya munthu popanda namwino womuyang'anira.

Nedson anasamba m'manja ndi sopo. Anatenga kabotolo ka mankhwala pa shelefu, maso ali pazenera kuyang'ana mzere umene sunkafupika. Ali pafupi kukatsegula, a Sisitala anamugwira pamkono.

"Werenga," anatero motsitsa mawu kuti wodwalayo asamve.

Atawerenga, anapeza kuti sikanali koyenera. Kanali ka mankhwala ena, kofanana msinkhu ndi chivindikiro chomwe.

Anakabweza n'kuyambiranso. Anafunsa bamboyo dzina lake, n'kuliyerekeza ndi la pa kabuku. Anamufunsanso ngati jakisoni anamutulutsapo zidzolo kapena kumubanikitsa, ndipo bamboyo anakana. Anawerenga dzina la mankhwala, muyeso wake ndi tsiku lothera mphamvu, n'kuwaonetsa a Sisitala. Kenako anang'amba pepala la sirinji yatsopano wodwalayo akuona.

Anamugoneka chafufumimba pa bedi n'kumufunditsa nsalu, kusiya malo ochepa okha. Ndi maso anagawa thako panayi, n'kusankha chigawo cha kumwamba, cha kunja. Anapukutapo ndi thonje la sipiriti n'kudikira kuti paume. Analowetsa singano choongoka mpaka mumnofu, n'kukoka pang'ono kuti aone ngati mukubwera magazi. Munalibe. Anakankha mankhwala pang'onopang'ono, anazula singano, n'kutsindika thonje louma pamalopo. Singano ndi sirinji yomwe anaziponya pomwepo m'bokosi lachikasu lotayiramo zakuthwa, osayesa kuivindikiranso.

Anamuuza bamboyo kuti ayambe wakhala pa benchi kanthawi asananyamuke. Kenako anaitana wotsatira.

2. Mawu a a Sisitala

Mzere unatha dzuwa litapendeka. A Sisitala anavula nsapato, anakhala pa benchi ya odwala, n'kumugawira Nedson chinangwa chophika chimene anabwera nacho m'kambale. Anadyera limodzi. Atatha, anamuuza kuti asendere pafupi.

"Mwana wanga, lero ndaona kutopa kukukugwirira ntchito. Kutopa pa ntchito ino sikutha. Ine ndinatopa kalekale, mpaka lero sindinapume. Koma wodwala akagona pa bedi paja, wakupatsa thupi lake, ndipo sadziwa zoti sunadye. Piritsi lolakwika munthu akadali nalo m'kamwa angathe kulilavula. Jakisoni akalowa walowa, sungamuitane kuti abwerere.

"Anthu amayesa luso la namwino lili pobaya. Kubaya n'chiyani? Ngakhale minga imabaya. Ntchito yeniyeni ili m'mbuyo, singano isanakhudze khungu. Munthuyu ndi yemweyo? Wamuyeza ndani? Mankhwalawa ndi omwewo, ndipo akadali ndi mphamvu? Singanoyi sinalowepo m'thupi la wina? Pakuti singano yobwereza imanyamula matenda a munthu uyu kukawatula mwa uyo, ngakhale uitsuke ndi madzi otentha.

"Ndiyenso malo. Pakati pa thako pamadutsa mtsempha waukulu umene umayendetsa mwendo wonse. Ukaulasa umenewo, munthu wobwera ndi chifuwa amabwerera akukoka phazi, ena mpaka moyo wawo wonse. N'chifukwa chake timathawira kumwamba, cha kunja. Khanda lilibe mnofu wokwanira kumeneko, timalibaya pantchafu, cha kunja. Mankhwala akakhala ochepa, wamkulu timamubaya pamkono, mmunsi mwa phewa. Ndipo ukabaya sutembenuka n'kumuiwala munthu, chifukwa pali ena thupi lawo limakana mankhwala, amayamba kubanika pomwepo. Kuno tili ndi chomutsitsimutsira. Pansi pa mtengo kumudzi ungamuthandize ndi chiyani?"

Anapukuta manja pa chitenje n'kumuyang'ana.

"Mawa ukupita kwanu. Ndikudziwa zimene zimachitika mwana akangovala zoyera. Achibale amamuyesa dokotala wamkulu. Adzakutamanda, adzakuchonderera, ena adzakunyoza. Iwe ukadali wophunzira. Dzanja lako libaye m'chipinda muno mokha, ine ndili pambali. Kuthamanga sikufika."

Nedson anavomera ndi mutu. Maso ake anali atalemera ndi tulo, moti mawu enawo ankangowamvera patali.

3. Ku esiteti

Loweruka m'mawa anakwera kabaza mpaka pa mlatho, kwinako n'kuyenda pansi. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa phiri. Anachoka ku Phalombe iye ali wamng'ono, ndipo chichokereni akhala akulima fodya m'minda ya eni.

Inali nyengo yosankha ndi kudinda fodya. M'zigafa monse anthu anali atakhala pansi miyendo tambalale, kusankha masamba ndi kumanga timitolo. Fumbi la fodya linkatsokomoletsa aliyense. Jeke yodindira mabelo inali imodzi pa esiteti yonse, choncho mabanja ankalandirana. Tsikulo masana inali nthawi ya banja la a Moffat.

Mayi ake ndi mlongo wake wamng'ono, Lenia, anamulonjera manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Bambo ake anawapeza atagona pa mphasa m'mbali mwa chigafa, atafunda chiguduli, akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Lenia anamuuza kuti adwala masiku angapo, koma akukana zopita kuchipatala poopa kuti fodya atsalira.

Nedson anawagwira pamphumi. Panali potentha ngati mwala wa pamoto.

Asananene kanthu, anamva anthu akubwera. Patsogolo panali a Bonifasi, kapitawo wa pa esitetiyo, atakolekera katoni kukhwapa. Pambuyo pawo panali matenanti ena odwala: nkhalamba yotsokomola, mnyamata wotupa dzanja, ndi mayi wobereka khanda limene linkalira mosalekeza.

A Bonifasi anaika katoniyo pa belo la fodya n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Takulandirani, a dokotala athu. Mulungu wakutumizani pa nthawi yake. Onani anthu anga mmene agonera, pamene lole ya abwana ikubwera sabata ya mawa kudzanyamula mabelo. Munthu akapita kuchipatala, tsiku lonse latha: kupita, mzere, kubwerera. Kale kunkabwera mnyamata wina wa pamsika, Vinsenti, amene ankatibaya konkuno, koma anasamuka. Katundu wake yense ndi uyu, ndinamusunga. Chimene tinkasowa ndi dzanja lodziwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipatala chili kutali, mankhwala ali pano. Yambani ndi bambo anu."

4. Za m'katoni

Nedson anagwada n'kutsegula katoniyo. Munali timabotolo tambiri tosakanikirana. Tina mapepala ake anali atamatuka ndi chinyontho, tina tsiku lothera mphamvu linali litadutsa kalekale. M'jumbo ya shuga munali masirinji otsukatsuka, manambala ake atafufutika. Pansi penipeni panali sirinji imodzi yokha imene inali ikadali m'pepala lake.

Anaitola. Zala zake zinkaidziwa ntchitoyi, dzulo lomweli zinali zitaigwira bwino. Anayang'ana bambo ake akugwedezeka pa mphasa, mano akugundana. Anthu onse ankamuyang'ana mwaulemu umene sanaulandirepo chibadwire. Mayi wa khanda uja anali atayamba kale kumasula mbereko.

Anatenga kabotolo kamene kankaoneka katsopano kuposa tonse n'kukatembenuza pa dzuwa. Dzina la mankhwala linali litadyeka, panangotsala zilembo zochepa zosamveka. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabweza zonse m'katoni n'kuimirira.

"Pepani a kapitawo, ine sindibaya munthu pano," anatero. "Sindikudziwa chimene anthuwa akudwala, poti sanayezedwe. Mankhwalawa sindikuwadziwa dzina, ena anatha mphamvu. Masirinjiwa analowa kale m'matupi a anthu ena. Komanso ine ndikadali wophunzira, sindiloledwa kubaya ndekha. Onsewa afunika kuchipatala, makamaka khandali."

A Bonifasi anaseka pang'ono, kuyesa ngati ndi nthabwala. Ataona kuti mnyamatayo sakusuntha, nkhope yawo inasintha, ulemu uja n'kuthera pomwepo.

"Iwe, Vinsenti sanapite kusukulu koma ankatibaya tonse. Ndiye iwe kumeneko ukuphunzira chiyani?"

Anthu ena anang'ung'udza. Nkhalamba yotsokomola ija inati ana a masiku ano akangolawa sukulu amanyansidwa ndi matupi a amphawi.

Apa a Moffat anadzuka movutikira, n'kutsamira mzati wa chigafa.

"Nedson, tandimvera. Ife kuno ndife obwera. Nyumba tikugonayi si yathu, munda si wathu, ngakhale chimanga tikudyachi timalandira kwa a kapitawo omwewa. Kwa eni kulibe mkuwe. Ine ndi mayi akowa tapindika msana m'fodya kuti iwe uvale zoyerazo. Anzanga onsewa ndakhala ndikuwauza kuti mwana wanga akuphunzira za chipatala. Lero afika pakhomo panga ndi odwala awo, iwe ukuwabweza? Mawa ine ndidzawayang'ana ndi nkhope iti? Iwe Lolemba ubwerera kuchipatala kwako, ife titsala konkuno. Ngati ukuopa enawa, ndibaye ine ndekha. Thupi ndi langa."

Nedson anawerama.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikuberekani kumsana mpaka kuchipatala ngati pafunika kutero. Koma ichi ayi."

A Bonifasi ananyamula katoni yawo osatsanzika. Odwala aja anawatsatira mmodzimmodzi. Nedson anathamangira mayi wa khanda uja n'kumuchonderera kuti apite nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Mayiyo anangoti akafunsa kaye bambo a mwana, n'kumapita.

5. Mtunda

A Moffat anagonanso, kufulatira mwana wawo. Koma patapita kanthawi anasanza, ndipo poyesa kuimirira anagwa chagada. Pamenepo analibenso mphamvu zokanira. Tenanti mnzawo wina anabwereketsa njinga mwakabisira, n'kupempha kuti a kapitawo asadziwe mwini wake.

Nedson anawakhazika pa keliyala, nawauza kuti agwire chishalo zolimba. Njira ya kumeneko ndi yokwera ndi kutsika. Potsetsereka ankakwera n'kumagwira mabuleki osagwira bwinowo. Pamtunda ankatsika n'kumakankha, dzanja lina pa handulo, lina litagwira bambo ake kuti asagwe. Malaya ake ananyowa, kukhosi kunauma. Kangapo konse anaima pamthunzi kuti odwalawo apume.

Anafika chipatala chitatsekedwa, poti Loweruka chimaweruka masana. Nedson anakawapeza a Sisitala kunyumba kwawo kuseri kwa chipatalacho, akuchapa. Iwo sanafunse zambiri. Anapukuta thovu m'manja, anatenga makiyi, n'kutsogola akukoka mapazi.

Anawayeza a Moffat kutentha kwa thupi, anawamvetsera m'chifuwa, n'kuwatenga kadontho ka magazi pachala. Anapezeka ndi malungo. A Sisitala anawapatsa phala limene linatsala kunyumba kwawo, kenako anawamwetsa mapiritsi oyamba pomwepo, n'kuwagoneka pa bedi kuti aone ngati sasanzanso. Sanasanze.

A Moffat anayang'ana mapiritsi otsalawo m'dzanja mwawo.

"Mtunda wonse uja, mapiritsi okha?" anafunsa.

Apa m'pamene Nedson anafotokoza za katoni ija. A Sisitala anamvetsera atatseka maso ngati munthu amene nkhani yotere waimva kambirimbiri. Kenako anakhala pa mpando n'kuyang'ana a Moffat.

"Bambo, anthu ambiri amakhulupirira kuti mankhwala enieni ndi a singano, ati chifukwa amapweteka. Si choncho. Matenda aliwonse ali ndi mankhwala ake, ndipo malungo anuwa, pamene afikapa, mapiritsiwa akwanira, bola mumalize onse. Mukanachedwa tsiku lina, bwenzi tikunena zina. Mukanabayidwa za m'katonizo, malungo akanapitirira kukudyani inu mukuyesa mwalandira thandizo. Mwana wanuyu sanakukaneni. Kukana kubaya bambo ako akukupempha n'kovuta kuposa kubaya. Ine sindimuyamikira kawirikawiri, iye akudziwa, koma lero wagwira ntchito ya unamwino."

Anaonjeza kuti Lolemba adzauza a zaumoyo kuti akaione katoniyo. A Moffat anadzidzimuka, nawapempha kuti asatero, poti a kapitawo adzadziwa kumene nkhani yachokera. A Sisitala anapuma mozama n'kunena kuti sangaimve nkhani yotere n'kuikhalira.

6. Pakhomo

Pobwerera mtunda unali womwewo, koma miyendo ya Nedson inali itatheratu. A Moffat thupi linali litayamba kuzizirako. Pa chitunda chomaliza anatsika okha pa njinga n'kuyenda pang'onopang'ono, atagwira phewa la mwana wawo. Sananene kuti zikomo, koma dzanjalo sanalichotse mpaka anafika.

Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Chinthu choyamba chimene anaona chinali fodya wawo ali mulu panja pa shedi ya jeke, wosadindidwa. M'katimo banja lina linkadinda mabelo ake. Munthu wina anawauza mosawayang'ana kuti a kapitawo apereka nthawi yawo kwa ena, ndipo sananene kuti iwo adzadinda liti.

A Moffat anakhala pansi pafupi ndi muluwo, n'kumasisita masamba apamwamba amene anali atayamba kuuma ndi mphepo. Nedson anapita kukabweza njinga kwa mwini wake, kudzera njira ya kuseri.

Pobwerera anakumana ndi Lenia ataima pakona pa chigafa, maso ali ofiira. Anamukokera pambali.

"Achimwene, amayi anandiletsa kuti ndisakuuzeni," anatero monong'ona. "Inu mutangochoka, a kapitawo anatsegula katoni ija n'kunena kuti ntchitoyi anaionera kokwanira, abaya okha. Anthu ankaopa, palibe ankafuna kuyamba. Ndiye amayi anati mutu ukuwapweteka, ayambe iwowo. Sunkawapweteka, achimwene. Anandiuza kuti akatero mwina a kapitawo aziziritsa mtima, atibwezera jeke."

Nedson anamugwira mlongo wakeyo paphewa n'kumufunsa kumene mayi awo anali.

"Ali m'nyumba. Chiwabayireni sanadzuke. Ndikafuna kuona pamene anawabayapo akundikaniza. Akuti inuyo ndiye musayerekeze n'komwe, mwana wamwamuna saona pamenepo."

Nedson anathamanga, kutopa konse kutaiwalika. Chitseko cha nyumba yawo yaudzu chinali chotseka. Anagogoda.

"Odi, amayi. Ndine Nedson."

Anagogodanso, n'kuika khutu pa chitseko. Anamva mphasa ikukhwekhwereza, kenako mawu a mayi ake, otsika ndi odukaduka, osafanana ndi amene anamulonjera m'mawa.

"Usalowe, mwana wanga. Kaitane bambo ako."